Duwa la Pamalo Amene Sindinafikepo

Kalata ya mkazi wanga inafika m'mwezi wa Okutobala, nyengo imene mapiri ozungulira Mzimba amazimirira mu utsi wa moto wa tchire. Ndinaitsegulira pakhonde la positi ofesi, ndili chiimire. Moni unali wa mzere umodzi. Pansi pake analemba kuti:

"Ndimalota pamene anagoneka mwana paja pali mbee, dothi lokhalokha, popanda n'kaudzu komwe. Muli ndi kamera. Mundijambulire ndione. Ndisanaone sindingathe kubwerera kumeneko."

Ndinaipinda n'kuilowetsa m'thumba la malaya, n'kubwerera ku ntchito. Tsiku limenelo kalata imodzi ya ofesi ndinaitayipa katatu.

Ndinali kalaliki mu ofesi ya zaulimi pa boma. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene wantchito wa boma ankangouzidwa kuti wasamutsidwa, iye n'kumanga katundu osafunsa. Kwathu ndi ku Dedza, tonse awiri. Titakwatirana ndinapita naye kumpoto, tinapatsidwa nyumba ya zipinda ziwiri kumalayini. Chitumbuka anachigwira msanga kuposa ine, chifukwa iye ankachimva pampopi, ine ndinkakhala ndi mapepala.

Mwana wathu woyamba anabadwa atafa kale, m'kati mwa kuzizira kwa Juni. Kwathu timati mtayo. Mkazi wanga anataya magazi ambiri ndipo anagona m'chipatala masiku angapo osazindikira bwino. Pa nkhani imeneyi mwambo wa kwathu ndi wa ku Mzimba unagwirizana. Mtayo saulira, saukhomera bokosi, ndipo amakaika ndi amayi okhaokha. Dzenje lake sakumba lakuya, poopa kutseka mimba ya mayiyo. Mwamuna sapitako ndipo saonetsedwa malo. Anakamuika amayi atatu achikulire. Wowatsogolera anali mayi wa khomo loyandikana ndi lathu, mkazi wa mesenjala wamkulu wa pa boma, mbadwa ya cha ku Euthini. Ndinawaona akutuluka pageti ndi kansalu ndi khasu. Ine ndinatsala pa benchi. Nkhope ya mwanayo sindinaione, mayi wakenso sanaione.

Atatuluka m'chipatala, amalume ake anabwera kudzamutenga kuti akapezere mphamvu kwa amayi ake. Ankati mwezi umodzi. Inakwana inayi. Ndinkamulembera, koma ndikakumbukira makalatawo lero ndimachita manyazi. Kuno kukuzizira. Nkhuku zili bwino. Chitseko chakhitchini ndakonzetsa.

Kamera imene ankanenayo sinali yanga, inali ya ofesi. Linali bokosi lakuda la maso awiri, lina pamwamba lina pansi, ndipo pojambula umaligwirira pamimba n'kumasuzumira pamwamba pake ngati m'chitsime. Ankandituma nayo ku minda yachitsanzo ya ku Jenda ndi kwina, kukajambula mizere, nkhokwe ndi dibi la ng'ombe. Pambali pa chimanga ndinkaimika rula kuti wowerenga lipoti asakayike za kutalika kwake. Bwana wathu ankati chithunzi ndi mboni, ndipo ine ndinkakhulupirira zomwezo.

Madzulo ake nditaweruka ndinapita kwa mayi woyandikana nafe uja. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero.

"Odi, amama."

"Odini, adada. Mwaweruka? Khalani apo. Nkhope imeneyo ndi ya kalata, ndaiona kale."

Ndinakhala patali pang'ono, n'kuwawerengera mizere ija. Anasiya kusankha.

"Yayi, adada. Yayi. Sukulu yonse munapita ija, ichi simuchidziwa? Phazi la mwanalume likaponda paja, mbwenu mimba yatsekeka. Mukufuna mkazi abwerere kudzakhala chumba?"

"Nanga mutanyamula inuyo kamerayo? Ndikuonetsani podina. Si zovuta."

Anaseka mpaka nyemba zinagwa.

"Ine? Ndinyamule maso awiri a boma kupita nawo kwa mwana? Maso a chinthu icho ndi anu omwe. Chikaona icho, mwaona ndinu."

Ndinayamba kutola nyemba zakugwa zija. Iwo anatsitsa mawu.

"Koma mumuuze mwana wanga uyo kuti pamalopo si mbee. Ndinadutsako sabata yatha pokatola nkhuni. Moto unapita, pansi pali bii. Ndiye maluwa atuluka m'phulusamo, ambiri chomene."

"Otani?"

"Aafupi, ngati chala ichi. Alibe tsamba, angobowola dothi okha. Kukamwa kwake n'kotseguka ngati kakapu."

"Dzina lake?"

"Sadyedwa. Chosadyedwa tichipatsirenji dzina?"

Nditafunsa za mtundu wake anakweza dzanja kuloza dzuwa limene linkalowa, zala ataziphatikiza.

"Onani pakati pa zala apa. Kufiira kumeneko. Osati kwa magazi, osati kwa nsalu. Komweko."

Ndinapempha kuti andithyolere limodzi. Anakana, kuti za paja sathyola.

"Koma Chiuta sanadzale pamalo amodzi. Kwerani msewu wa ku Chikangawa, muyang'ane m'madambo amene apsa. Mufulumire. Mvula ikagwa udzu umawameza."

Ndinabwerera kunyumba ndikudziwa kuti duwa la kwina si mboni ya pamalo paja. Koma china choti nditumize ndinalibe. M'mawa ndinapempha tchuthi chimene ndinali ndisanatenge, ndi kubwereka kamera. Bwana sanafunse zambiri. Filimu ndinagula yanga.

Zithunzi za ofesi ankatitsukira mkulu wina amene anali ndi situdiyo kuseri kwa msika. Anagwirapo ntchito imeneyi zaka zambiri ku Halale asanabwerere kwawo. M'situdiyomo munali nsalu yojambulidwa ndege ndi nyumba zosanja, mpando umodzi, ndi maluwa apulasitiki amene mkwatibwi aliyense wa pa Mzimba anawagwirapo. Ine ankanditchula a Malipoti.

"A Malipoti! Mwabweretsa ng'ombe zingati lero?"

Ndinawauza kuti ndikufuna kujambula duwa laling'ono ngati chala. Chifukwa chake sindinanene.

"Ndi ichi? Ichi chili ngati ine, chakalamba. Chapafupi sichiona." Anavula mandala awo owerengera, n'kuwaimika choongoka kutsogolo kwa kamera, galasi lina pa diso la pamwamba, lina pa la pansi. Anamanga ndi mphira ya chubu cha njinga. "Suzumirani."

Ndinasuzumira. Chikhadabo chawo chinadzaza galasi lonse, mizere yake ngati munda wolimidwa.

"Mandalawo mubweze lisanafike Sabata," anatero. "Ndikawerengere nyimbo, angati ndayamba kupeka zanga."

Malole a matabwa ankabwerera ku Chikangawa opanda katundu m'mamawa. Ndinakwera imodzi kumbuyo, kamera ili m'jekete. Tinakwera mtunda mpaka mitengo ya misuku inayamba kuchepa ndipo paini anaonekera kutsogolo, wandiweyani, wobiriwira modera. Ndinatsika pa dambo lina limene anthu a nkhalango analitentha poteteza mitengo. Lupsa linali kuyambira pamsewu mpaka kumtsinje.

Poyamba sindinaone kanthu. Ndinayenda ndi maso a munthu woyeza minda, oyang'ana patali. Nditawerama kuti ndimange nsapato ndi pamene ndinaliona duwalo, pafupi ndi chidendene changa. Kenako lina. Kenako dambo lonse linali nawo, ngati wina wamwaza makala amoto osazima. Ndinali nditawapondaponda kale angapo.

Filimu inali ya zithunzi khumi ndi ziwiri. Ndinazimaliza dzuwa lisanafike pamutu.

Mkulu wa situdiyo atatsuka anaimika filimuyo pazenera, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pa mpando wa akwatibwi.

"Mwadula mitu yonse! Khumi ndi ziwiri, ngati nkhuku za pa ukwati. Amuna inu, maluwawa anakulakwirani chiyani?"

Zinali zoona. Pa chithunzi chilichonse panali kamtengo ka duwa ndi dothi, mutu palibe.

"Diso la pamwamba ndi loonera, la pansi ndi lojambula," anafotokoza akupukuta misozi. "Chinthu chikakhala patali amagwirizana. Chikayandikira, lililonse limaona zake, ngati banja. Mukakonza bwino, mukweze bokosilo zala ziwiri, mudine osaona."

"Osaona?"

"Enya. Mwaona kale. Chotsala n'kukhulupirira."

Ulendo wachiwiri ndinakweza zala ziwiri. Mitu inalowa. Ndinajambula kuchokera pamwamba, dzuwa lili kumsana kwanga monga anatiphunzitsira ku ofesi, ndipo pa zithunzi zingapo ndinagoneka bokosi la machesi pambali kuti kukula kwake kudziwike. Zonse zinatuluka zakuthwa. Kadothi kalikonse kankawerengeka. Duwa lofiira pa filimu yakuda ndi yoyera linatuluka lotuwa modera, pafupifupi ngati phulusa lomwelo.

Mkulu uja sanaseke ulendo uno. Anaziyala patebulo n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

"Awa ndi malipoti," anatero. "Ngati ndi a ofesi, mwakhoza. Koma inu simungagwade m'phulusa kawiri chifukwa cha ofesi. Wofuna duwali ndani?"

Ndinawauza. Inali nthawi yoyamba kuinena nkhaniyo ndi pakamwa panga kuyambira Juni. Sinatenge nthawi yaitali. Iwo anamvetsera akupukuta mandala ndi m'mphepete mwa malaya.

"Mkazi akulota pali mbee, inu mukumutumizira phulusa ndi machesi," anatero pomaliza. "Mupitenso. Mufike dzuwa likungotuluka. Mugone pansi chafufumimba, bokosi likhale padothi, duwa likhale lalitali kuposa inu. Dzuwa osalipatsa msana, muyang'anizane nalo, lidutse m'kati mwa duwalo. Ndiye muuzire mpweya pagalasi la pansi. Nthunzi ikamachoka pakati n'kutsalira m'mbali, mudine."

"Chithunzi sichidzaoneka bwino."

"Munalotapo chinthu chooneka bwino m'mbali zonse?"

Ulendo wachitatu lole inanyamuka tambala atangolira kachiwiri, ndipo ndinatsika pa dambo lija kukuyera. Nkhungu inali itatsika kuchokera m'paini, itagona m'chigwa ngati mkaka m'mbale. Kunalibe mphepo. Phulusa linali lonyowa ndi mame, likununkha ngati khitchini yosiyidwa. Ndinasankha duwa limodzi lomwe linaima lokha pakamtunda, lina losatseguka lili pambali pake. Ndinakumba kadzenje ndi manja, n'kukhazikamo kamera, n'kugona.

Galasi loonera la kamera imeneyo limatembenuza dziko. Chakumanja chimapita kumanzere. Ukasuntha kutsata chinthu, icho chimakuthawa. Munthu umafunika kuiwala mbali zako kaye. Nditaziiwala, duwa lija linabwera pang'onopang'ono kuchokera m'chimbuuzi, n'kuima. Linali lalikulu ngati nyumba. Dzuwa litasuzumira pamwamba pa paini, duwalo linayaka kuchokera m'kati, timitsempha take tonse tikuoneka. Mame a pa ziputu za kumbuyo anasanduka timiyezi tozungulira, toyandama popanda chotigwira. Mitengo inasungunuka. Msewu unalibe. Nyerere ina inakwera kamtengo kaja mwaulesi, yaikulu ngati ng'ombe yopita kudibi, inafika pakamwa pa duwa, inasuzumira m'kati, n'kubwerera.

Sindidziwa kuti ndinakhala nthawi yotalika bwanji ndisanadine. M'bokosimo munali dziko laling'ono, lofunda, lopanda phokoso, ndipo ndinkaona ngati munthu wamfupi kwambiri angathe kukhalamo osasowa kanthu. Akanakhala ndi denga lofiira, ndi miyezi yambiri. Ndinazindikira kuti milomo yanga ikuyenda. Ndinkanena zopanda pake, zonga zimene munthu amauza mwana amene sanayambe kumva mawu: kuti kwacha, kuti iyi ndi nyerere, kuti uko ndi ku Jenda, uko ndi kwathu, kutali.

"Bambo! Mukubisalira ndani pamenepo?"

Ndinadzuka. Pamsewu panaima munthu wa chipani wa malaya ofiira, atagwira njinga. Masiku amenewo munthu wogona m'tchire ndi kamera sankamuyang'ana kawiri asanamufunse.

"Khadi."

Ndinatulutsa khadi la chipani ndi chiphaso cha ku ntchito. Anaziwerenga mbali zonse.

"Mukujambula mlatho?"

"Iyayi, bwana. Duwa."

"Duwa! Bambo wamkulu, wa tayi ku ofesi, kudzola phulusa ngati mbatata yootcha chifukwa cha duwa? Ndione."

Anagoneka njinga, anagwada, n'kusuzumira. Anadzutsa mutu kuyang'ana kaduwa padothi, n'kubwereranso m'galasi.

"Kameneka ndi kameneka?"

"Komweko."

"Aa. Ine ndadutsa pano chibadwire." Anasuzumiranso. "Mwaikamo chiyani m'bokosimu?"

"Mandala a agogo ena basi."

Kamphepo kanayamba, duwa n'kumagwedezeka. Munthu uja anavula jekete yekha osapemphedwa, anaitambasula ndi manja awiri cha kumtunda kwa mphepo, n'kuima ngati wotchingira ng'ombe pakhomo la khola.

"Fulumirani, manja atopa. Ndipo mukatsuka musanene kuti ndinalipo."

Ndinakweza bokosi zala ziwiri ndi mwala wophwatalala. Ndinauzira mpweya pagalasi la pansi. Nthunzi itayamba kutseguka pakati, ndinadina.

Tinatsuka masana a tsiku lotsatira, m'kachipinda kopanda zenera ka kuseri kwa situdiyo. Kunja anthu ankaitanira malonda, m'katimo munali kababu kofiira ndi fungo la mankhwala. Mkulu uja anamiza pepala loyera m'beseni n'kumalipendeketsa. Kwa kanthawi panalibe kanthu. Kenako panabwera mthunzi, ngati nkhope ya munthu amene akutuluka m'madzi. Duwa linaima pakati, loyera m'kati, m'mbali mwake mukusungunukira mu nkhungu. Timiyezi tija tinalipo.

"Eya," anatero mkuluyo, motsitsa. "Ichi tsopano si cha ofesi."

Chinatsala ndi mtundu. Mkuluyo anali ndi timabotolo ta utoto timene ankapakira milomo ndi madiresi a akwatibwi pa zithunzi, ndi kathonje kokulunga pa mtengo wa machesi. Ndinati ndiwauza mmene duwalo linalili, poti ndinaliona. Anakana.

"Inu munaona la ku Chikangawa. La paja waliona ndi mmodzi yekha. Kaitaneni."

Mayi woyandikana nafe anabwera pochokera kumsika, dengu lili pamutu. Anaima pakhomo osafuna kulowa.

"Lowani, amama," anatero mkulu uja. "Mwabwera ndikujambuleni, adada kunyumba akhale ndi chonyadira?"

"Nkhope iyi? Mungaswe galasi, mbwenu mudye chiyani? Ndionetseni chimene mwandiitanira, nsomba zanga zikuonongeka."

Ndinawapatsa chithunzi chotuwa chija. Anachigwira m'mphepete ndi manja awiri. Nthabwala zinatha.

"Ndi lomweli," anatero. "Koma uku kwawala chomene. Paja pali mthunzi, mbali iyi. Pali kamtengo ka msuku kopendekera..." Anadzigwira pakamwa. "Ndalankhula zambiri. Simunamve."

"Sitinamve," anatero mkuluyo, ndipo anandikokera m'kachipinda. Anaika pepala lina pansi pa makina, anayatsa, ndipo pepalalo litalandira kuwala kwake anaphimba duwa ndi chikhatho, zala atazitambasula, n'kumazigwedeza pang'ono kuti kuwala kupitirire kugwa pangodya yokha. Pepala litatuluka m'beseni, ngodya ya pamwambayo inali yodera, ndi mipata yowala ngati dzuwa lodutsa m'masamba.

"Mtengo panalibe pamene ndinajambula," ndinatero.

"Nanga nkhunguyi inalipo? Si mpweya wanu uwu?"

"Mpweya ndi wanga. Koma mtengo..."

"Mtengo ulipo. Uli kwina basi, ndipo inu simungapiteko. Ndiye dzanja langa lapita m'malo mwake. Mukufuna mwana akhale padzuwa?"

Tinapachika chithunzicho kuti chiume.

Chitauma, mkuluyo anayesa utoto papepala lapadera. Woyamba mayi aja anati ndi wa magazi. Wachiwiri anati ndi wa diresi la hule la ku Halale, ndipo mkuluyo anati amalikumbukira diresilo. Wachitatu anangopukusa mutu. Kenako anatula dengu, anakhala pa mpando wa akwatibwi, n'kulanda kathonje.

"Bweretsani. Amuna mitundu mumaidziwa iwiri."

Anadontheza wofiira, kachikasu pang'ono, ndi madzi ambiri. Anapaka mopepuka kwambiri, kuyambira m'kati mwa duwa kutulukira kunja, lilime lili pakona ya mlomo. Munthu amene anakana kugwira kamera anakhala pamenepo mpaka nsomba zake zinayamba kuitana ntchentche. Duwa losatseguka lija analipaka kunsonga kokha. Atamaliza anaimika chithunzi pazenera n'kuyang'ana.

"Mbwenu," anatero. "Ndi pamenepo."

"Yewo chomene, amama," ndinatero. Chinali Chitumbuka chokhacho chimene ndinkachinena osaphonya.

Mayi aja atanyamuka, mkulu uja anaika chithunzi mu envelopu.

"Kumbuyo osalemba kanthu, a Malipoti. Ndikukudziwani. Mkazi akufuna kugona tulo. Atsegule, aone, akhulupirire, akwere basi."

Ndinachisunga masiku awiri. Ndikachitulutsa n'kuchiyang'ana, ine ndemwe ndinkakhulupirira. Ndinkauona mtengo wa msuku. Ndinkadziwa mbali imene mphepo imachokera, ndi njira imene amayi atatu aja anadzera. Malo amene sindinafikepo ndinali nditawadziwa kuposa nyumba imene ndinkagonamo. Koma ndikaganiza zoti mkazi wanga adzachigwire akuyesa kuti phazi langa linaponda pamenepo, mtima unkakana. Akanaopanso kuti ndatseka mimba yake. Ndipo akanadzafunsa tsiku lina, ine n'kumuyang'ana m'maso.

Tsiku lachitatu ndinatembenuza chithunzi, n'kulemba ndi pensulo kuti inki ingadutse:

"Awa si malo enieniwo. Sanandilole kupitako ndipo sindinapiteko. Amama akuti pamera maluwa a mtundu uwu, ambiri, ndipo pali mthunzi. Duwali ndinalipeza ku Chikangawa. Mthunzi tinachita kuika. Mtundu apaka ndi amama ndi dzanja lawo. Mwana wathu ndinalankhula naye pamene ndinkajambula."

Mzere womalizawo ndinaufufuta, kenako ndinaulembanso. Ndinakaponya.

Sabata inatha, yachiwiri, yachitatu. Yankho silinabwere. Mvula yoyamba inagwa, ngumbi zinatuluka, mapiri anabwerera m'malo mwake atasambitsidwa. Ndikapita ku minda ya ofesi ndinkaona madambo atabiriwira, udzu utameza zonse. Mkulu wa situdiyo ndikakumana naye ankangofunsa ndi nsidze, ine n'kupukusa mutu.

"Munalemba," anatero tsiku lina. Sikunali kufunsa.

"Ndinalemba."

"Ha. Munthu uyu angalembe lipoti la maloto ake omwe."

Ndinayamba kuganiza kuti anali wolondola. Munthu anapempha chinthu chimodzi, ine ndinamupatsa, n'kumulandanso ndi pensulo. Ndinayamba kalata ina yopepesa, koma sindinadziwe chimene ndikupepesa, ndipo ndinaisiya m'dirowa.

Linali Lachisanu masana, kukuwaza, pamene mesenjala wamkulu uja anaima pakhomo la ofesi, nkhope ataiumitsa ngati wabweretsa samani.

"A kalaliki, kuli katundu wanu ku depoti. Akuti mukatenge nokha."

"Wa ofesi?"

"Kaya. Koma ndi katundu wolankhula, ndipo wandipatsa moni m'Chitumbuka chabwino kuposa chanu."

Ndinatuluka osavala jekete.

Mkazi wanga ndinamupeza pansi pa khonde la depoti, atakhala pa thumba, sutikesi ili pambali. Anali ataonda. Anafunda chitenje kumutu chifukwa cha mvula. Atandiona anadzuka, anagwira dzanja langa ndi manja awiri, akupinda bondo pang'ono monga pamaso pa anthu.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera. Mwayenda bwanji?"

"Basi inatitimira kawiri. Mwaonda. Simuphika?"

"Ndimaphika."

"Zikuoneka."

Ndinanyamula sutikesi, thumba tinakweza pa njinga ya munthu wina. Njira yonse tinakamba za mvula ya ku Dedza ndi za miyendo ya amayi ake. Mayi woyandikana nafe atationa anaponya lichero pansi, ndipo awiriwo anakumbatirana pakati pa malayini, akulira ndi kuseka, ine nditaima ndi sutikesi.

Titalowa m'nyumba anayang'ana zipinda zonse ziwiri, anayesa chitseko chakhitchini, n'kutsegula sutikesi. Pamwamba pa zovala panali chithunzi chija. Anali atachimata pa katoni yokhuthala ndi phala la chinangwa, m'mbali atadula bwinobwino ndi lezala. Kumbuyo kunali katoni yokha.

"Munawerenga?" ndinafunsa.

"Ndinawerenga."

"Zonse?"

"Zonse, kamodzi. Ndinakwiya sabata yathunthu. Ndinati munthu uyu ngakhale kundinamiza kamodzi kokha sangathe." Anachiimika pa shelefu, n'kuchisuntha pang'ono kuti chisayang'ane pazenera. "Kenako ndinalota ndili pansi pa mtengowo. Kunali kofunda. Nditadzuka ndinamata. Zakumbuyo ndikuzidziwa, sindifuna kuziona tsiku ndi tsiku."

Ndinakhala pa bedi. Iye anali akadayang'ana pa shelefu.

"Munamuuza chiyani?"

"Zopanda pake. Kuti kwacha. Za nyerere."

Anagwedeza mutu ngati wamva yankho loyenera. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kutuluka pakhonde pamene tinasiya thumba lija. Anamasula chingwe. Munali mbatata ya kachewere ya kwathu, ing'onoing'ono, yosankhidwa, maso ake atayamba kale kuphuka.

"Iyi si yodya," anatero. "Musaigwire. Mawa mukapemphe khasu lachiwiri, ndipo kuseri uku mulambule mpaka kumpanda. Tachedwa kale ndi sabata ziwiri."